Chipatala cha matenda a magazi chatipempha kuti mwana alowe mu kafukufuku, tivomere?

Mayi wa Anyamata Awiri: Moni nonse m'gulu muno. Ndili ndi funso lomwe landisowetsa tulo. Mwana wanga wamng'ono ali ndi sickle cell, matenda obadwa nawo amene amapinditsa maselo ofiira a magazi, ndipo anatitumiza ku chipatala chachikulu komwe kuli madokotala oona matenda a magazi okhaokha. Chisamaliro chawo sindikudandaula nacho ayi. Koma tsopano atipatsa chikalata cha masamba ambiri chotipempha kuti mwanayu alowe mu kafukufuku. Bambo ake akukanitsitsa, akuti mwana wathu asasanduke choyesera mankhwala. Ine mtima uli pawiri. Alipo amene anakumanapo nazo zotere? Nanga chipatala chomwe ntchito yake ndi kuchiritsa anthu chimachitiranji kafukufuku pa odwala ake omwe?

Woyang'anira Gulu: Takulandirani mayi. Anzathu, tiyankhe momasuka, koma tikumbukire kuti muno sitilemberana mankhwala kapena kuuzana kuti siyani chakuti. Zimenezo ndi za dokotala amene akuona mwanayo.

Wakula Nayo: Mayi, kafukufuku wake ndi wotani? Akufuna kumupatsa mankhwala atsopano, kapena akufuna kumangomuyeza ndi kulemba? Ziwirizi n'zosiyana kwambiri, ndipo yankho langa lidalira pamenepo.

Mayi wa Anyamata Awiri: Momwe ndinamvera, mankhwala ndi omwe akumwa kale aja a hydroxyurea. Akuti azimutenga magazi pafupipafupi ndi kumuunika m'mutu kuti aone momwe akumugwirira ntchito. Koma chikalatacho sindinachimvetse chonse.

Dokotala wa Ana: Mayi, ndiyambe ndi funso lanu lomaliza lija, chifukwa ndi lomwe lili pa mtima panga. Pafupifupi chilichonse chomwe mwana wanu akulandira lero chinachokera kwa makolo ena omwe anapatsidwa chikalata ngati chanucho n'kuvomera.

Tengani penisilini amene ana aang'ono a sickle cell amamwa tsiku ndi tsiku mpaka zaka 5. Kapamba wa anawa amawonongeka adakali makanda, ndiye tizilombo toyambitsa chibayo timatha kuwapha m'maola ochepa. Mu 1986 gulu lotsogozedwa ndi Dr Marilyn Gaston ku America linapeza kuti penisilini amachepetsa matenda oopsawa ndi 84 pa 100 alionse. Zotsatira zake zinali zoonekeratu moti kafukufukuyo anamuimitsa nthawi yake isanakwane kuti ana onse ayambe kulandira. N'chifukwa chake timalimbikira zoyeza ana akangobadwa, kuti mankhwalawo ayambe mwana asanadwale.

Kuunika m'mutu komwe mwanenako nakonso kuli ndi mbiri yake. Popanda chitetezo, mwana mmodzi pa 10 alionse a sickle cell amachita sitiroko asanafike zaka 20. Makina aja amayeza liwiro la magazi m'mitsempha ya mu ubongo, chifukwa mtsempha ukamachepa mkati magazi amathamanga kwambiri. Mu 1998 kafukufuku wotchedwa STOP, wotsogozedwa ndi Dr Robert Adams, anaonetsa kuti ana omwe liwiro lafika masentimita 200 pa sekondi akamawonjezeredwa magazi mwezi ndi mwezi, chiopsezo cha sitiroko chimatsika ndi pafupifupi 90 pa 100. Choncho mwana aliyense wa zaka 2 mpaka 16 amayenera kuunikidwa chaka ndi chaka, ali mu kafukufuku kapena ayi.

Hydroxyurea yemweyo poyamba anali mankhwala a khansa. Mu 1995 ndi pamene kafukufuku wa akuluakulu 299 anatsimikiza kuti amadula pafupifupi theka la nthawi zomwe munthu amagwidwa ndi ululu. Amachititsa thupi kupanganso himogulobini (puloteni yonyamula mpweya m'maselo ofiira) wa mtundu umene khanda limabadwa nawo, amene salola maselo ofiira kupindika.

Chipatala cha akatswiri chimachita kafukufuku chifukwa ndi malo okhawo kumene odwala matenda amodzimodzi amakumana ambiri, kumene kuli labu yoti n'kuyeza bwino, ndi kumene munthu amatsatidwa zaka zambiri.

Malume Ake a Wodwala: Adokotala, mwanena zabwino zokhazokha. Ine ndili mbali ya bambo a mwanayu. Mantha awo sanangochokera m'mutu. Ku Tuskegee ku America, kuyambira 1932 mpaka 1972, amuna akuda mazanamazana omwe anali ndi chindoko ankangowayang'ana osawapatsa mankhwala, ngakhale penisilini atapezeka, kuti aone momwe matendawo amawonongera thupi. Amene ankachita zimenezo analinso madokotala ophunzira, ovala zoyera. Ndiye munthu akamati mwana wanga asakhale choyesera, tisamuone ngati mbuli.

Dokotala wa Ana: Malume, simunaname ngakhale pang'ono, ndipo sindingafune kuti bamboyo achitidwe manyazi. Malamulo amene tikutsata lero anabadwa chifukwa cha nkhanza ngati zimenezo. Chikalata cha Helsinki cha 1964, chomwe chakhala chikukonzedwa kangapo, chimati ubwino wa munthu wolowa mu kafukufuku uli patsogolo pa zofuna za sayansi. Kafukufuku aliyense amayenera kuvomerezedwa ndi komiti yoima payokha, ndipo dzina la komitiyo ndi njira yoipezera zimayenera kulembedwa pa chikalata. Mayi, yang'anani pa chanucho. Ngati palibe, funsani.

Chachiwiri, kukana ndi ufulu wanu, ndipo mwana ayenera kulandira chisamaliro chomwecho mutakana. Mukavomera lero, mutha kutuluka mawa osapereka chifukwa. Amene angakuuzeni kuti mukakana mwana sathandizidwa ameneyo waphwanya lamulo, ndipo mukamunene ku komiti ija.

Malume Ake a Wodwala: Pa pepala zili choncho. Koma mayi amene mwana wake akudalira dokotala yemweyo angalimbe mtima kunena kuti ayi?

Namwino Wopuma: Funso limenelo ndi lenileni, malume. Ndagwira ntchito m'wodi ya ana nthawi yaitali, ndipo ndinaona amayi akusaina chifukwa choopa kukhumudwitsa dokotala. N'chifukwa chake m'malo oyenda bwino, wofotokoza chikalata amakhala munthu wina, osati dokotala wa mwanayo.

Mayi, musasaine tsiku lomwelo. Tengani chikalatacho kunyumba, ndipo pobwerera mupite limodzi ndi bambo ake kuti afunse okha pamaso ndi pamaso. Mukafunse kuti ndi chiyani chomwe chidzachitike kwa mwana chifukwa cha kafukufuku, chomwe sichikanachitika akanakhala wodwala wamba. Magazi azitenga ochuluka bwanji, popeza mwanayu magazi ake ndi ochepa kale? Otsala aziwasunga, ndipo adzawatumiza kuti? Zotsatira za kuunika m'mutu azikuuzani, ndipo zikaoneka zoipa achitapo chiyani? Mwana akavulala chifukwa cha kafukufuku, adzamusamalira ndani? Ndipo funso lomwe anthu ambiri amaiwala: kafukufuku akatha, mankhwala ndi kuyeza kuja zidzapitirira? Ndaonapo ana akuchita bwino kwambiri nthawi ya kafukufuku, n'kubwerera m'mbuyo atatha. Zimandipwetekabe mpaka lero.

Ngati mwanayo ndi wosinkhuka, naye afunsidwe. Mwana wa zaka 8 kapena 9 amadziwa bwino lomwe kuti jakisoni ndi chiyani.

Wa ku Labu: Ine ndimagwira ku labu ya magazi, odwala sandiona kawirikawiri, ndiye ndiloleni ndinene zomwe zimachitika kuseri. Anthu akamva kuti chipatala cha akatswiri amaganiza za makina akuluakulu. Kusiyana kwenikweni kumakhala pa zinthu zooneka zazing'ono.

Mwachitsanzo kuwonjezera magazi. Tonse timadziwa A, B, AB ndi O, magulu omwe Karl Landsteiner ndi anzake anatulukira kuyambira 1901, komanso zoti pozitivu kapena negativu. Kwa munthu wolandira magazi kamodzi pa moyo wake, zimenezo zimakwana. Koma pa selo lofiira pali zizindikiro zina zambirimbiri, monga C, E ndi Kell. Munthu wa sickle cell kapena thalassemia (matenda ena obadwa nawo ochepetsa magazi) amene amalandira magazi kawirikawiri, thupi lake limayamba kupanga asilikali olimbana ndi zizindikiro zomwe iye alibe. Zikafika pamenepo kumupezera magazi oyenera kumavuta, ndipo thumba lolakwika litha kumudwalitsa kuposa momwe anabwerera. Labu ya akatswiri imayeza zizindikirozi asanalandire thumba loyamba, n'kusunga mbiri yake. Mukasamuka kapena kupita ku chipatala china, pemphani kalata ya mbiri imeneyi muziyenda nayo.

Kenako pali ayironi. Thumba lililonse la magazi limabwera ndi mamiligalamu pafupifupi 200 a ayironi, ndipo thupi lilibe njira yomutulutsira. Amaunjikana m'chiwindi ndi mu mtima mwakachetechete. Chipatala chodziwa ntchito chimamuyeza ndi kupereka mankhwala omuchotsa monga deferasirox. Ndipo chonde, si aliyense wochepa magazi amene amafunika mapiritsi a ayironi. Mwana wa sickle cell magazi ake amachepa chifukwa maselo ake amafa msanga, pa masiku 10 mpaka 20 m'malo mwa 120, osati chifukwa chosowa ayironi.

Chinanso chomwe chimandikhudza: anthu ambiri amene makolo awo anachokera ku Africa alibe chizindikiro chotchedwa Duffy pa maselo awo ofiira, ndipo maselo awo oyera a mtundu wa neutrophil amakhala ocheperako pomwe munthuyo ali bwinobwino. Miyezo yakale inatengedwa makamaka kwa azungu, ndiye anthu athanzi ankaoneka ngati odwala, ena ankawachepetsera mankhwala, ena kuwakaniza kulowa mu kafukufuku. Izi zinadziwika bwino pamene anthu a mitundu yosiyanasiyana anayamba kuyezedwa. Kafukufuku amene inu mulibemo amatulutsa miyezo ya anthu ena.

Ongowerenga: Zikomo achimwene a ku labu. Za ayironizo sindinkadziwa, ndakhala ndikulimbikitsa mnzanga kuti azigulira mwana wake.

Wa ku Labu: Muwauze afunse kaye dokotala, ayeze.

Wakula Nayo: Mayi, popeza mwati ndi woyeza ndi kulemba pa mankhwala omwe akumwa kale, ine ndikanakhala inu ndikanavomera, nditafunsa mafunso a anamwino aja. Ndikunena ngati munthu amene wakula ndi matendawa.

Chimene chipatala cha akatswiri chinandipatsa ine ndi kukhulupiriridwa. Ululu wa sickle cell suoneka. Palibe bala, palibe chotupa, nthawi zina ngakhale thupi silitentha, koma m'mafupa mumakhala ngati mukuswedwa. Ndinafikapo pa chipatala china usiku ndikubuula, wondilandira n'kunena kuti ndikungofuna mankhwala amphamvu chifukwa ndinawazolowera. Ndinagona pa benchi mpaka kunja kunacha. Kumene ndimapita tsopano ndili ndi pepala lolembedwa ndi dokotala wanga, lonena mankhwala omwe amandithandiza ndi mlingo wake. Ndikafika amawerenga, amandiika diripi, amayamba msanga. Malangizo a akatswiri amati munthu wotere alandire mankhwala a ululu ola limodzi lisanathe chifikireni, ena amati mphindi 30.

Koma ndikuchenjezeni pa chinthu chimodzi. Nthawi yoopsa kwa ife ndi yochoka ku chipatala cha ana kupita cha akuluakulu. Kwa ana amakudziwa dzina, amayi ako amakuyankhulira. Ukafika zaka 18 umapezeka wekha pa mzere, ndipo ambiri amasiya kupita, amasiya mankhwala. Pamene impso, maso ndi mafupa a m'chiuno zimayamba kuvuta pa msinkhu womwewo. Yambani msanga kumuphunzitsa mwanayo kutchula yekha mankhwala ake ndi kufotokoza yekha momwe akumvera.

Ndipo kuti malume asaone ngati tikubisa: si zonse zatsopano zomwe zimakhala zabwino. Mankhwala a voxelotor anavomerezedwa ku America mu 2019, ambiri tinasangalala, koma mu September 2024 anachotsedwa pa msika dziko lonse chifukwa zotsatira zinaonetsa kuti kuopsa kwake kwaposa phindu. Zinandiwawa. Komabe chinaulula zimenezo ndi kafukufuku yemweyo, amene anapitiriza kutsata anthu.

Malume Ake a Wodwala: Apa ndiye mwalankhula zomveka achemwali. Pepani ndi za pa benchizo.

Ongowerenga: Nanga zomwe tikumva zoti sickle cell tsopano ikuchiritsika n'zoona? Bwanji osangochiritsa onse?

Dokotala wa Ana: N'zoona, koma njira zake ndi zolemera. Magazi amapangidwa m'mafuta a m'mafupa. Mukachotsa maselo opanga magazi a wodwala n'kuikamo a munthu wathanzi, magazi atsopano amakhala opanda matendawo. Njirayi anaiyambitsa ndi Dr E. Donnall Thomas, amene ntchito yake yaikulu anaigwirira ku Seattle ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1990. Pa sickle cell zinadziwika mu 1984, pamene mwana wina amene anali ndi khansa ya m'magazi komanso sickle cell anaikidwa maselo pofuna kuchiza khansayo, ndipo matenda onse awiri anatha.

Wopereka wabwino kwambiri ndi m'bale wa bere limodzi amene maselo ake akugwirizana ndi a wodwala, ndipo mwayi woti m'bale aliyense agwirizane ndi 1 pa 4. Zikatero, ana oposa 90 pa 100 amachira. Koma asanaikidwe maselo, wodwala amalandira kemo wamphamvu wopha mafuta ake a m'mafupa. Amakhala milungu ingapo m'chipinda chayekha wopanda chitetezo cha m'thupi. Atha kudzakhala wosabereka. Maselo atsopano atha kuukira khungu, matumbo ndi chiwindi cha mwini thupi. Ena amamwalira. Ndiye kholo limayenera kuyeza: mwana amene akuchita bwino pa hydroxyurea, timuike pa chiopsezo chimenechi? Yankho limasiyana mwana ndi mwana.

Njira yatsopano ndi yokonza majini, malangizo a m'maselo amene timatengera kwa makolo. Amatenga maselo a wodwala yemweyo, kuwakonza ku labu ndi njira ya CRISPR kuti azipanga himogulobini wa ukhanda uja, n'kuwabwezera. Mankhwala otchedwa Casgevy anavomerezedwa ku Britain mu November 2023 ndi ku America mwezi wotsatira, kwa a zaka 12 kupita m'tsogolo. Sipafunika m'bale wopereka, koma kemo uja amafunikabe, ndipo ndi zipatala zowerengeka zomwe zingakwanitse. Pamene ana obadwa ndi sickle cell pa dziko lonse ndi oposa 300,000 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo ku Africa ndi ku India. Kunena mosapsatira, amene apulumutse ana ambiri m'zaka zikubwerazi ndi kuyeza makanda, penisilini, katemera, kupewa malungo ndi hydroxyurea.

Malume Ake a Wodwala: Ndiye mfundo yanga ina ndi imeneyo. Osauka amapereka magazi awo ku kafukufuku, zipatso zake n'kukadya olemera.

Dokotala wa Ana: Zimachitika, ndipo n'zosalungama. Koma taonaninso mbali iyi. Kwa zaka zambiri hydroxyurea sankaperekedwa kwa ana a m'madera a malungo, poopa kuti achepetsa chitetezo chawo n'kuwadwalitsa kwambiri. Palibe ankadziwa chifukwa palibe anayesa. Kafukufuku wa REACH, wa ana oposa 600 ku Angola, Democratic Republic of Congo, Kenya ndi Uganda, amene zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2019, anapeza kuti ululu unachepa, kuwonjezeredwa magazi kunachepa, imfa zinachepa, ndipo malungo omwewo anatsika ndi pafupifupi theka. Akanapanda makolo a ana amenewo, mantha aja akanapitirira. Chofunika ndi kuumirira kuti amene alowa mu kafukufuku asasiyidwe akatha, monga anenera anamwino.

Bambo wa Mtsikana: Ndakhala ndikungowerenga. Wanga si wa sickle cell, anadwala khansa ya m'magazi ya mtundu wa ALL, koma chipatala chake ndi chomwecho cha matenda a magazi, ndipo chikalata chotere nanenso ndinachigwirapo manja akunjenjemera.

Zinayamba ndi kutopa, kutuwa, kutentha thupi kosamva mankhwala, ndi mabala obiriwira m'miyendo asanagwe paliponse. Atamutenga mafuta a m'fupa la m'chiuno ndi pamene anatiuza. Chomwe chinandidabwitsa n'choti sanayambe ndi kunena kuti khansa ya m'magazi basi. Anafuna kudziwa mtundu weniweni wa maselowo ndi zolakwika za m'majini ake, chifukwa mphamvu ya mankhwala imadalira pamenepo. Patatha mwezi anayezanso kuti aone ngati mwatsala selo loipa ngakhale limodzi pa 10,000. Chithandizo chonse chimatenga zaka ziwiri kapena kuposerapo, ndipo mankhwala ena amabaya pa msana kuti afike ku madzi a mu ubongo komwe maselo a khansa amabisala.

Ndili m'wodimo ndinawerenga mbiri ya matendawa. Mu 1948 Dr Sidney Farber ku Boston analemba za ana 16 omwe anawapatsa mankhwala otchedwa aminopterin. Ana 10 anapezako bwino kwa kanthawi, kenako matenda anabwerera. Pamene chipatala cha St. Jude chimatsegulidwa ku Memphis mu 1962, mwana wa ALL ankangoyembekezera imfa. Dr Donald Pinkel ndi anzake anayamba kuphatikiza mankhwala angapo ndi kuteteza ubongo, ndipo pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 pafupifupi theka ankachira. Lero m'zipatala zokhala ndi zonse zofunika ndi ana pafupifupi 90 pa 100. Sipanatulukire mankhwala amodzi odabwitsa. Ambiri mwa mankhwala omwe mwana wanga analandira ndi akale omwe aja. Chinasintha ndi kudziwa mlingo, nthawi, ndi mwana woyenera kulandira chakuti, ndipo anadziwa chifukwa gulu lililonse la ana linkasiyira lotsatira phunziro.

Ine ndinavomera. Sindikunena kuti inunso muvomere, mayi. Ndikungoti pamene ndinkasaina ndinkaganiza za makolo a ana 16 aja.

Mayi wa Anyamata Awiri: Bambo, mwandigwetsa misozi. Mtsikanayo ali bwanji pano?

Bambo wa Mtsikana: Anamaliza mankhwala, ali pa sukulu. Timapitabe kukayezetsa.

Mayi wa Anyamata Awiri: Mulungu apitirize kumusunga. Ndawaonetsa bambo ake zonsezi, makamaka za malume, aona kuti sali okha. Avomera kuti tipitire limodzi tikafunse. Zosaina sitinagwirizanebe.

Mphunzitsi wa Sayansi: Ndiwonjezere pang'ono pa za bambowa, chifukwa nthawi zina mankhwala amodzi amasinthadi zonse. Mu 1960 ku Philadelphia, Peter Nowell ndi David Hungerford anaona kromozomu, kachingwe konyamula majini, yaifupi modabwitsa m'maselo a odwala khansa ya m'magazi yotchedwa CML. Mu 1973 Janet Rowley ku Chicago anaonetsa kuti kromozomu 9 ndi 22 zimasinthana zidutswa. Panapita zaka zina zambiri kuti apeze chotsekera puloteni yobadwa pa kusinthanako, mpaka imatinib anavomerezedwa mu 2001. Lero anthu ambiri a CML amamwa piritsi tsiku ndi tsiku n'kukhala moyo wautali pafupifupi ngati wina aliyense. Kuchokera pa maikulosikopu kufika pa piritsi, zaka 41. Ndipo sikuti zonse zimachokera ku America. Mtundu wina woopsa wotchedwa APL, umene unkapha anthu ndi kukha magazi m'masiku ochepa, mankhwala ake awiri anawatulukira ndi madokotala a ku Shanghai ndi ku Harbin ku China, ndipo tsopano ndi umodzi mwa mitundu yochizika kwambiri.

Mlongo Wake: Pepani ndikhotetse nkhani pang'ono, poti matenda a magazi si awiri okhawa. Mchimwene wanga ali ndi hemophilia, magazi ake saundana chifukwa thupi lake silipanga puloteni yotchedwa factor VIII. Anthu amaganiza kuti vuto ndi kudzicheka. Vuto lalikulu ndi kukha magazi mkati, m'mawondo, m'zigongono ndi mu akakolo. Bondo limatupa, limatentha, ndipo zikabwerezabwereza limawonongekeratu. Iye anakula akulandira factor pokhapokha wakha magazi, ndiye pano amayenda motsimphina. Ana omwe amalandira moteteza, asanakhe, amakula ndi mawondo abwino.

Kwathu nkhani ya kukhulupirira zipatala ndi yovuta, chifukwa anthu a hemophilia ndi omwe anapwetekedwa kwambiri m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, pamene factor wopangidwa kuchokera ku magazi a anthu zikwizikwi anali ndi HIV ndi hepatitis C. Ku Britain lipoti la kafukufuku wa boma lomwe linatuluka mu May 2024 linati anthu oposa 30,000 anapatsidwa matenda kudzera m'magazi ndi mankhwala ochokera ku magazi, ndipo pafupifupi 3,000 anamwalira. Linanenanso kuti ana ena anayesedwa mankhwala makolo awo asanafunsidwe. Ndiye malume, ndikukumvetsani kwambiri.

Komabe amene anasintha moyo wa mchimwene wanga ndi akatswiri omwewo. Factor wa masiku ano ambiri amapangidwa ku labu popanda magazi a munthu, ndipo woyamba wa ku labu anayamba kuperekedwa mu 1992. Kuyambira 2017 kuli emicizumab, wobaya pansi pa khungu kamodzi pa mlungu kapena motalikirapo, m'malo mofunafuna mtsempha kangapo pa mlungu. Ndipo ku chipatala chake samuona dokotala yekha. Pali wophunzitsa mafizo, wa mano, ndi namwino amene anatiphunzitsa kubaya kunyumba. Ndi iwo anatiuza kuti asamamwe asipilini ndi ibuprofen, ndiponso kuti ine ndiyezetse, chifukwa akazi timatenga jini imeneyi ndipo ena timataya magazi ambiri pa msambo ndi pobereka.

Namwino Wopuma: Mwachita bwino kutchula za akazi, mwanangu. Atsikana ambiri amavutika ndi msambo wochuluka zaka ndi zaka n'kumauzidwa kuti ndi mmene analengedwera, pamene ena ali ndi matenda a von Willebrand, omwe ndi ofala kuposa hemophilia ndipo amagwira amuna ndi akazi omwe.

Agogo Aakazi: Ana anga, ine funso langa ndi lapafupi. Mdzukulu wanga ali ndi sickle cell, koma bambo ake ndi mayi ake onse ndi athanzi, sanadwalepo. Mabanja awiri akulozana zala. Anatengera kwa ndani?

Dokotala wa Ana: Agogo, anatengera kwa onse awiri mofanana, ndipo palibe wolakwa. Munthu amalandira jini imodzi ya himogulobini kwa mayi, ina kwa bambo. Wokhala ndi imodzi yokha ya sickle sadwala, ndipo ambiri sadziwa n'komwe kuti ali nayo. Anthu awiri otere akakwatirana, pa mimba iliyonse pali mwayi 1 pa 4 woti mwana atenge zonse ziwiri. Ndikuti pa mimba iliyonse, agogo, osati kuti mwa ana anayi mmodzi yekha. Atha kubadwa awiri otsatizana odwala, atha kubadwa asanu onse osadwala. Jini imeneyi inafala chifukwa wokhala nayo imodzi amatetezedwa ku malungo aakulu, monga Anthony Allison anaonetsera mu 1954 ku East Africa. Inapulumutsa makolo ambiri a mabanja onse awiriwo. Abale ake a mdzukuluyo akayezedwe, ndipo chipatala cha matenda a magazi chimakhala ndi alangizi omwe angakhale pansi ndi mabanja onse awiri n'kuwafotokozera.

Agogo Aakazi: Zikomo adokotala, ndikawawerengera onse mawu amenewa. Chinanso, mwanayu akatentha thupi usiku tizidikira kuche?

Dokotala wa Ana: Ayi agogo, musadikire. Thupi likafika madigiri 38.5, ndipo zipatala zina zimati 38, nyamukani nthawi yomweyo ngakhale mwana akuoneka kuti akusewera. Musangomupatsa panado n'kugona, chifukwa amabisa kutenthako pomwe tizilombo tikuchulukana m'magazi. Chimodzimodzi akamapuma movutika kapena kumva kupweteka pachifuwa, akatuwa mwadzidzidzi n'kufooka, mimba ikatupa kumanzere, mkono kapena mwendo ukalefuka, pakamwa pakapotoka, kapena akayamba kulankhula mosamveka. Kwa mnyamata, chokodzera chikaima mopweteka kwa maola osagwa, imeneyonso ndi ngozi, asachite manyazi kunena.

Namwino Wopuma: Ndipo agogo, mukapita ulendo wotsatira mupemphe anamwino akuphunzitseni kupapasa kapamba ndi zala zanu, pansi pa nthiti za kumanzere. Aphunzire onse amene amatsala ndi mwanayo, osati mayi ake okha. Mukhalenso ndi choyezera kutentha kwa thupi m'nyumba, dzanja pa chipumi limanamiza.